Leki ya a Chisefa

Amene anawalakwira a Chisefa ndi mlamu wawo yemwe, kapitawo wa pamalo oyeretsera madzi a m'zimbudzi, chaka chija kunabwera makina atsopano osefera.

Chiyambire unyamata wawo, a Chisefa ankaima pangalande ndi leki, kupala zinyalala zokodwa pazitsulo. Anali ndi kachitidwe kawo. Akavuula chinthu cha munthu, kaya kansapato ka mwana, kaya mano oikirira, kaya mkanda, ankachitsuka n'kuchipachika pawaya wa mpanda. "Mwafika, pumulani," ankatero. Anzawo ankaseka, koma podutsa pawayapo ankavula zipewa.

Makina atsopanowo sankasankha. Ankakoka zonse, kufinya, kupera. Ngalande yakale inatsekedwa ndi simenti.

"Alamu, kapumeni kunyumba," anatero kapitawo pamaso pa anthu. "Makinawa sacheza ndi nsapato."

Anthu anafa nacho chiseko. Zapawaya zija kapitawo anaziponya yekha m'makinamo.

A Chisefa ananyamula leki yawo. Nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda womwewo, choncho fungo lokha ndilo silinawataye.

Madzulo ena akusoka thumba pakhonde, makina anazima. Kunangoti zii. Kenaka anamva: kwee, kwee. Wina ankapala zitsulo kungalande yotsekedwa ija. Anasuzumira m'nyumba. Leki inali pakona pake.

Mawa lake chimodzimodzi. Sabata yonse chimodzimodzi.

Usiku wina kunamveka kugogoda.

"Alamu! Ndine. Tsegulani."

"Aa, bwana kapitawo amayendanso usiku?"

"Musatero, alamu. Zinthu zija zabwerera pawaya. Zonse. Zikudontha madzi. Kansapato kaja kaloza ku ofesi yanga. Mawu aja munkanena mukamapachika, munkati chiyani?"

A Chisefa anagwira mpiringidzo wa chitseko. Mawuwo anali ochepa chabe. Munthuyonso mwamuna wa mlongo wawo, bambo wa ana. Koma m'makutu munamveka chiseko chija.

"Kafunseni makina," anatero.

Panja mapazi anayamba kuchoka pang'onopang'ono. A Chisefa anatchera khutu. Sanali mapazi a munthu mmodzi. Kumbuyo kwa kapitawo kunkatsatira timapazi tonyowa, kuti chapa, chapa. Phazi lina lovala, lina losavala.

A Chisefa sanagone. Kutacha anapeza chitseko chili chokhoma monga anachisiyira, koma leki pakona panalibe.

Ena amati unali mpweya woipa wa m'mathanki umene unamulowa kapitawo m'mutu. Ena amangoloza waya ndi mlomo n'kupitiriza ulendo. A Chisefa amati sanalakwe, koma akakhala okha milomo yawo imayenda, kunena mawu aja kwa munthu amene sangawamvenso.

Makinawo akugwira bwino ntchito mpaka lero, madzi akutuluka oyera. Kapitawo anamupeza m'mawa umene leki inasowa uja ataima m'ngalande youma, akupala simenti ndi leki ija, manja ali magazi okhaokha. Sanalankhulenso. Amangokhala pakhomo pake, kupala pansi ndi zala.