Chilembo Chachikasu pa Injini

Towera anafika pa galaja ina ya ku Matero kudzangosintha oyilo wa Vitz yake, kagalimoto koyera komwe ankanyamulira anthu ngati takisi. Pansi pa galimoto ina panatuluka miyendo, kenako nkhope ya makaniko wachinyamata, dzina lake Mukupa.

"Ba sisi, ba dalaivala bali kuti?"

"Dalaivala ni ine. Pali vuto?"

"Awe. Koma motoka yanu ifunika kubwela kuno sabata iliyonse."

"Chifukwa chani?"

"Chifukwa nizachipeza mukabwela."

Towera anayesa kukwinya nkhope, koma kuseka kunamupulumuka.

Mukupa atatsegula boneti anaona chilembo T cholembedwa ndi penti wachikasu pamwamba pa injini.

"Analemba ni alongo anga," anatero Towera. "Akuti imwe ba makanika mumasintha vinthu mwini wake akapenya kumbali."

"Bakamba zoona. Koma ine nimaba chabe mitima."

Chikondi chinamera chomwecho, pang'onopang'ono ngati nyemba za m'dimba. Mukupa anali ndi Passo yobiriwira imene anaigula ili chiphakasa, n'kuidzutsa ndi manja ake. Lamulungu akaweruka ku tchalitchi ankabwera nayo ku Chawama kudzamutenga Towera, n'kukadya chimanga chootcha m'mbali mwa msewu. Mkati mwa sabata mauthenga a pa foni sankatha.

"Mtima wanga, wadya? Osayendetsa motoka na njala."

"Nadya, makanika wanga. Samba m'manja ukalibe kugwila foni."

Tsiku lina Mukupa anamugwira dzanja n'kunena, "Towe, ine sinizakunamiza, ngakhale pa kanthu kang'ono." Towera anawasunga mawuwo monga mayi amasungira mbewu ya chaka chamawa.

Dzinja litafika, komboni ya Kanyama inasefukira madzi. Towera ananyamula mayi wina amene mwana wake ankatentha thupi, ndipo sakanatha kuwatsitsa pamadzi. Analowa ndi galimoto m'chithaphwi chomwe ankachiyesa chosazama. Injini inamwa madzi, inatsokomola, inalira ngati chitsulo chathyoka, n'kukhala chete.

Galimotoyo ndiyo inali khasu lake. Iye ndi amayi ake akanadya chiyani?

Mukupa anabwera kudzaikoka. Patapita masiku owerengeka anaibweretsa ku Chawama ikulira bwinobwino.

"Nakonza, Towe. Kanali kanthu kang'ono chabe."

Towera anamukumbatira misozi ikulengeza. Pobwerera, Mukupa anakwera minibasi, ndipo Lamulungu lotsatira anabweranso pa minibasi.

"Nanga Passo ili kuti?"

"Ipumulako," anayankha akuyang'ana kumbali.

M'mawa wina pamalo oimikapo matakisi ku Kamwala, Towera anatsegula boneti kuti aone oyilo. Anayang'ana pamwamba pa injini. Anatenga kansanza n'kupukuta, kupukutanso. Chilembo chachikasu panalibe.

Bambo Abraham, dalaivala wachikulire wa pamalopo, anasuzumira n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, iyi si injini yako. Tumainjini utu twa masilinda atatu tufunika maningi, chifukwa situmwa mafuta. Imene ili mu Vitz ndiye ili mu Passo, ndiye ili futi mu Belta. Uchotsa umu, uika umu, motoka inyamuka."

"Mu Passo?"

"Ee. Ilowa monga phazi mu nsapato yake."

Towera anakumbukira mawu a Mukupa aja. Passo ikupuma! Ndiye kuti injini ya Mukupa inali itatopa, iye n'kupezerapo mwayi: yabwino ya Towera waika m'galimoto yake, yotha wamupatsa iye. Kodi alongo ake sananene? Kodi mawu okoma onse aja anali nyambo chabe?

Anatenga foni n'kulembera Mukupa: "Ba Mukupa, injini yanga muisamale bwino mu Passo yanu. Ine musanifune futi."

Foni inalira kambirimbiri, iye osayankha. Kenako uthenga unalowa: "Towe, nikakamba pa foni suzakhulupilila. Bwela chabe uzaone na maso."

Sanapite. Ankagwira ntchito mwakachetechete, chakudya chosakoma m'kamwa. Chomwe chinkamupweteka kwambiri n'chakuti galimoto inkayenda mokoma kuposa kale. Inkakwera mitunda mosadandaula, mafuta ikungonyambita. Injini yotha imayenda chonchi?

Loweruka lina analimba mtima. Anati apite akatenge chake, nkhani ithere pomwepo.

Kunyumba kwa Mukupa ku Matero anapeza Passo ili kuseri, udzu utayamba kumera m'mbali mwa matayala. Boneti inali yotsegula. Towera anayandikira n'kusuzumira.

Munalibe kanthu. Mawaya okha anali lendelende, ndipo pansi pake nkhuku inali itadzikonzera malo, ikufungatira mazira.

Pafupi ndi khoma panali chinthu chofunditsidwa thumba. Analivundukula. Chilembo chachikasu chinamuyang'ana, ndipo m'nthiti mwa injiniyo munali chibowo choti chibakera n'kulowa.

"Madzi akalowa, chitsulo cha mkati chimathyoka na kuboola pambali," mawu anamveka kumbuyo kwake. Anali Mukupa, ataonda, nsapato zili matope okhaokha. "Iyo siingauke futi."

"Ndiye imene nikuyendela ine..."

"Ni ya mu Passo."

Towera anakhala pansi pa njerwa. Manyazi ndi mkwiyo zinalimbana m'chifuwa mwake.

"Unaniuza kuti wakonza."

"Nikanakuuza zoona, ukanavomela?"

"Sinikanavomela."

"Ndiye chifukwa chake."

"Koma bodza ni bodza, Mukupa. Nalila sabata zonse izi. Nakuitana kawalala pamaso pa amayi anga."

Mukupa anagwada patsogolo pake, osasamala matope.

"Nalakwa, mtima wanga. Ninaopa kukuona ukhala panyumba ulibe nchito. Sininaganize kuti ningakutaye chifukwa cha ichi. Unikhululukile."

Towera anatambasula dzanja n'kumupukuta oyilo amene anali patsaya.

"Naine unikhululukile. Koma kuyambila lelo, vabwino na voipa uziniuza. Kukana olo kuvomela, uzinisiyila ine."

"Namvela. Ndiye pali china chamene nifuna ukane olo uvomele." Anamugwira dzanja. "Akulu a kwathu afuna kubwela kwa amalume ako na mbale ya ndalama, kuzakupempha ukwati. Koma mpongozi wake alibe motoka, azafika na minibasi. Amalume ako bazaniseka?"

"Bazakuseka maningi," anatero Towera, akupukuta maso. "Bazayamba na nsapato izi."

"Ndiye wakana?"

Towera anaimirira, anasasa siketi yake, n'kumukoka dzanja kuti adzuke.

"Kasambe, uvale malaya abwino. Tiyende ukapepese kwa amayi poyamba, niwauze kuti kawalala uja ni mpongozi wawo. Akulu a kwanu ukawauze asavutike na minibasi. Tsikulo nizabwela kuwatenga neka."