Khadi la Mayi Maimuna

Chaka chomwe kompyuta inafika pachipatala chaching'ono cha ku Ngala, amene anatumidwa kudzayikonza anali Iness wa ku Dwambazi, khanda lake Paison lili kumsana.

Ntchito yake inali kuika m'kompyutamo nkhokwe yosungira mbiri za odwala, kuti dzina la wodwala lizilumikizana ndi matenda ake ndi mankhwala ake. Makhadi akale anali m'katoni pansi pa tebulo, kudikira kulowetsedwa. Ankagwira madzulo, odwala atapita. Namwino, mayi Fakiri, anamusiyira tiyi m'fulasiki ndi chinangwa chophika, natseka khomo.

Madisiketi onse analowa bwino. Nkhokwe inadzuka. Chinatsala n'kuyikhoma: kusintha mawu achinsinsi omwe inabwera nawo, amene analembedwa poyera pa bokosi, ndi kugawa kuti uyu aziona izi, uyu ayi. Koma akulu a pachipatalapo anali atanena masana kuti, "Ingosiyani chotsegula, aliyense azithandiza kulemba."

Paison anayamba kulira. Thupi linali moto. Kumzikiti anali ataitana kale swala yomaliza. Iness anati basi, chikhale chotsegula.

"Odi."

Sanamve mapazi pa khonde. Galu wa alonda sanauwe.

Analowa mayi woonda, mpango woyera kumutu, fungo la ubani lili patsogolo.

"Ndine Maimuna, wa kuseri kwa mzikiti. Bweretsani mwanayo, mwanawe. Manja awiri sangagwire zonse."

Iness anamupereka asanaganize. Zala zawo zitakhudzana, anamva kuzizira ngati mtsuko wa m'mawa. Anafuna kuwalanda mwanayo. Koma Paison anali atatonthola, tsaya lake lili m'chikhato chozizira chija.

"Makhadi onsewa alowa m'menemo?"

"Onse, mayi."

"Langanso lilimo. Ndiye aziwerenga ndani?"

Iness anayang'ana pansi. "Aliyense wa pano."

Mayiyo anagwedeza mwana pang'onopang'ono. Mpando umene anakhalapo, womwe unkalira ukangoukhudza, unali chete.

"Mwana wanga Zainab akumanga nikah, ukwati wa kumzikiti, mwezi uno. Msuweni wa mkamwiniyo ndi kalaliki pano. Mnyamata wabwino, koma pakamwa. Akaona chimene chinandidwalitsa, mawa chili pa doko. Adzati mwana wa uje, nayenso ali nako kachilombo. Alibe, mwanawe. Adokotala anamuyeza."

Iness anabwerera pa kompyuta. Anasintha mawu achinsinsi. Anafufuta dzina lolowera loyeserera limene linabwera ndi pulogalamuyo. Anakonza kuti kalaliki aziona maina ndi midzi basi. Gawo la matenda analitseka kuti aziliona adokotala ndi namwino okha. Kenako analowa ngati kalaliki, nayesa kulitsegula. Kompyuta inakana.

"Yakana, mayi. Taonani."

"Alhamdulillah," anatero mawu kumbuyo kwake, motsitsa.

Atatembenuka, Paison anali mtulo pa benchi, atafunditsidwa bwinobwino, nsalu itapindiridwa kumapazi. Panalibe munthu. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali m'kati, mmene anachikhomera yekha mayi Fakiri atachoka.

Iness sanakuwe. Anakhala pansi, nakumbatira mwana mpaka tambala. Moto wa m'thupi uja unali utatha, mwana akupuma bwinobwino.

M'mawa anafotokozera mayi Fakiri. Iwo anaika fulasiki pansi mosamala.

"Maimuna tinamuika dzinja lathali," anatero. "Ndinamusambitsa ndine. Mpaka tsiku lomaliza ankandipempha kuti khadi lake ndiliotche. Ndinalephera."

Akulu aja atabwera kudzadandaula kuti nkhokwe yakhomedwa, namwinoyo anawayankha yekha: "Ikhala choncho, bambo."

Nikah inachitika. Ena pa doko amati Iness analota chifukwa cha kutopa. Ena amati womwalira wosiya mwana wamkazi sagona msanga. Iness sankatsutsa aliyense. Anangosunga kansalu ka Paison osakachapa, chifukwa kankanunkhirabe ubani.