Tsitsi Lomwe Sanaotche

Dzuwa likapendeka, mayi woluka tsitsi ankasesa pakhonde pake n'kuotcha tsitsi lonse lothothoka tsikulo. Anali wamanzere, choncho mizere yake inkapendekera kumanzere, ndipo ukaona mutu pamsika unkadziwiratu dzanja lomwe lapitapo. Koma mutu womwe ankaunyadira unali wa mwana wake mmodzi yekhayo, namwali wa tsitsi lakuda bii, lofika m'mapewa, lomwe chibadwire linali lisanalawe lumo.

Zinayamba ndi mkazi wa kalipentala. Anagona tsitsi lili nyankhalala, n'kudzuka litalukidwa bwinobwino, likununkhira mafuta. Anachita kuseka, ati kapena bambo akunyumba aphunzira ntchito yatsopano. Dzuwa lisanalowe anali atatisiya. Kenaka anatsatira mayi wogulitsa makala, kenakanso mkazi wa aphunzitsi. Onsewo anadzuka atalukidwa, ndipo oyandikana nawo ankati m'bandakucha ankamva chipeso chikulira, khwee, khwee.

Osambitsa mitembo ndiwo anaona kuti mizere yonse inkapendekera kumanzere. Pakamwa pa anthu sipakhala chitseko. Pakhonde paja panangoti zii, ndipo amayi a m'deralo anayamba kugona atamanga mipango. Mayi woluka uja sankakumbukira kanthu, komabe m'mawa uliwonse zala zinkamuwawa, zikununkhira mafuta omwe sanadzole.

"Amayi, kodi ndi inu?" mwana uja anafunsa tsiku lina.

"Sindikudziwa, mwanawe. Khala pansi, ndikumete."

"Tsitsi langali? Paja mumati ndi la malemu bambo anga."

"Mfiti siingaluke mpala. Khala pansi!"

Anamumeta onse awiri akulira. Mwana atadziona pagalasi anati, "Uyu si ine," n'kukadzitsekera kuchipinda.

Mayi uja anasesa monga mwa masiku onse, anakoleza moto, koma dzanja linakana. Tsitsi lomwe analisamala kuyambira lili tiwiri, kulipesa, kulidzoza, kuyeserapo luso lake lonse, aliponye pamoto ngati zinyalala? Chisoni chinamupusitsa. Analikulunga m'kansalu n'kulibisa pansi pa pilo. Kenaka anadzimanga manja ndi chingwe, kukoka mfundo ndi mano, n'kugona.

Kutacha, chingwe chinali pansi, chopindidwa mwaudongo. Zala zinali kuwawa. Kansalu kaja kanali pamiyendo pake, kotambasulidwa, ndipo tsitsi lonse linali litalukidwa, mizere yaing'onoing'ono yopendekera kumanzere, popanda ndi limodzi lomwe lotuluka pambali. Pa moyo wake wonse anali asanalukepo zokongola chonchi, ndipo maso ake, opanda manyaziwo, anayamba asirira kaye mantha asanamugwire.

"Mwanawe!" anaitana. "Iwe mwanawe, tadzuka!"

Kuchipinda kuja kunali zii. Anaitananso kachitatu, koma pachitseko sanayerekeze kufikapo.