Kadontho Kofiira pa Foni ya Telala

Dzuwa linali litangolowa pamene telala anakatenga njinga yake kwa bambo wokonza njinga. Njinga yake yoyamba anamubera masanasana pakhomo pa sitolo ya nsalu, ndiye pa iyi sanafune zocheza. Anauza bamboyo kuti aikemo kachipangizo kolondolera, kaja kamaonetsa pa foni kumene njinga ili.

"Kalowa bwinobwino, mayi," anatero bamboyo akupukuta girisi m'manja. "Koma nditazula chishalo, m'paipimu ndapezamo kena."

Anamuonetsa. Kanali kakale, kadzimbiri, kokulunga ndi tepi wakuda.

"Batire lake linatha kalekale. Komatu munthu wobisa kotere m'njinga saigulitsa wamba. Munaigula kuti?"

"Anandipezera mlongo wanga."

Bamboyo anangoti "oo," n'kuyamba kulongedza masipanala. Telala anaponya kachipangizo kakaleko m'thumba la epuloni n'kumapita. Mtima unamuuza kanthu, iye anaukaniza. Mlongo wakeyo, chitsirizira m'banja mwawo, manja ake sankakhazikika chiyambire ali mwana, ndipo mayi awo pomwalira anasiya mawu amodzi okha: umuyang'anire mlongo wakoyu. Kuyambira pamenepo ntchito ya telala inali kumuikira kumbuyo, ngakhale pa zoonekeratu.

Atafika kunyumba anamangirira njingayo ku mwendo wa makina osokera, tcheni ndi loko, n'kukhala pansi kupinda mipendero ya mayunifomu. Kunja amayi ankaitana ana kuti akasambe. Kwa aneba wailesi inkalira.

Foni inanjenjemera patebulo. Uthenga unati njinga yachoka pamalo.

Anacheuka. Njinga inali pompo, loko ali chitsekere. Anatsonya, poganiza kuti amuikira kachipangizo kakufa. Koma pa mapu kadontho kofiira kanali katatuluka kale pageti. Kankayenda pang'onopang'ono, mmene amapalasira munthu wachikulire wosathamangira kanthu. Kanakhota pa mpope wa madzi. Kanadutsa pa chigayo. Ndipo m'chipindamo munayamba kumveka kaphokoso kaja ka njinga ikamatsetsereka: tche, tche, tche. Matayala sankazungulira.

Kadontho kanakaima pa kalavati wa njira yopita kocheka matabwa.  Pamenepo ndi pomwe miyezi iwiri yapitayo anthu anapeza mlonda wa kumatabwako atafa m'mawa, chipewa apo, botolo la tiyi apo, njinga yake palibe.

Kanaima nthawi yaitali. Kenako kanatembenuka, n'kulunjika kuseri kwa msika, kumene mlongo wake ankakhala.

Telala anamuimbira foni.

"Asisi, ndinu muli panjapa?" anafunsa mlongo wakeyo. "Ndikumva belu la njinga."

Iyenso analimva pa foniyo. Linalira kawiri, mwaulemu, ngati la munthu wopempha njira.

"Usatsegule. Undiuze zoona, njinga ija unaitenga kuti?"



"Iwe, ndikukufunsa," anabwereza telala.

"Sindinawamenye ine, asisi. Ndinawapeza atagwa kale. Ndinangotenga njinga basi."

"Anali moyo?"

"Ankapuma. Anandigwira mwendo wa thalauza. Ndinati wina adutsa, awathandiza."

Belu linaliranso. Kunamveka chitseko chikutseguka, foni n'kuduka.

Telala anathamangira kwa mlongo wakeyo osavala nsapato. Anapeza chitseko chili chitsegukire, nyali ikuyaka, patapata mmodzi pakhomo. Aneba anati sanaone munthu, anangomva belu. Anabwerera kwake mtima uli m'malere, ndipo atayatsa magetsi anayang'ana pa makina osokera. Tcheni chinali pansi. Loko anali chitsekere, kiyi ali pachingwe m'khosi mwake. Njinga panalibe.

Sanagone. Anakhala pa mpando wosokera, maso pa foni. Kadontho kankapita pa kalavati, kuima, kubwerera kuseri kwa msika, n'kupitanso pa kalavati pomwepo. Anawerenga maulendo mpaka anasokonekera. Analira, anapemphera, anatukwana mlongo wakeyo, n'kumuliranso. Kum'mawa kutayamba kuyera, kadontho kanasintha njira. Kanawoloka njanji, kanakwera kamtunda, n'kuima pa nyumba ina imene iye sankaidziwa.

Telala anafika kumeneko anthu atasonkhana kale, ena misuwachi ili m'kamwa, koma palibe amene anayandikira. Njinga inali itaima chilili pakhomo pa nyumbayo, yosatsamira kanthu, sitandi ili m'mwamba. Mlongo wa telala analipo, koma sanali pa chishalo. Anali pa kaliyala, mikono atatambasula kutsogolo ngati wagwira m'chiuno mwa wopalasa. Zala zakumapazi zinali zitasupuka ndi kukhula pansi. Maso anali tong'o, milomo ikungobwereza mawu amodzi: "Ankapuma. Ankapuma."

Anthu ankanong'onezana. Ena ankati mlonda uja sanaweruke tsiku lija, ndiye wabwera kudzamaliza ulendo wake. Ena ankati wabweretsa mboni.

Pakhomo panatuluka mayi wovala zakuda, mkazi wa malemuyo, foni ili m'manja. Sanalire. Anasisita chishalo kamodzi, njinga n'kupendekera pakhoma pang'onopang'ono, monga amaitsamiritsira mwini wake.

"Bambo a kuno anabisamo kachipangizo," anatero mayiyo, osakweza mawu. "Kanazima tsiku lomwe anatisiya. Dzulo madzulo kayakanso. Koma sikakuloza njingayi."

Anayamba kuyenda, maso pa foni. Anthu anapatuka. Anadutsa wogulitsa makala, anadutsa mayi wobereka mwana, n'kudzaima pamaso pa telala.

M'thumba la epuloni munali mukutentha ngati muli khala. Telala akanatha kunena kuti anangogula kwa munthu wosamudziwa, ndipo bodza lotero analinenapo kambirimbiri. Anayang'ana mlongo wake, anayang'ana mapazi aja. Kenako anapisa dzanja m'thumba, n'kupereka kachipangizoko ndi manja awiri.

"Mukumudziwa mnyamatayu?" anafunsa mayiyo.

"Ndi mlongo wanga, mayi. Anawasiya bambo akupuma. Itanani apolisi, ndikanena ndekha."

Belu linalira kamodzi, popanda wolikhudza. Mikono ya mlongo wake inagwa.