Malamba Anayi a Chikuku cha a Sugden

Pa msewu wathu, munthu akafuna kusonyeza mwana wake banja labwino, ankaloza nyumba nambala 14, kwa a Sugden. Ine Mavis Holroyd ndakhala moyang'anizana nawo zaka makumi atatu, ndipo amene amati ndimakonda za eni anene, zenera langa silinanamepo.

Bambo Arnold Sugden anali okhoma madenga mpaka tsiku limene anagwa pa nyumba ina n'kuthyoka msana. Miyendo inafa, koma mawu anatsala amoyo. Lamulungu lililonse ankaimba besi ku tchalitchi chathu cha pamwamba pa phiri, mokweza kuposa limba. Akazi awo, mayi Glenda, maso anali atayamba kuchita mdima, koma masikono awo sankapserera. Mwana anali mmodzi yekha, Leanne, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, mtsikana waulemu amene ndinamuphunzitsa ndekha ku Sande sukulu.

Thandizo limene boma limapereka kwa olumala kuti aziyendera, a Sugden analipereka ku bungwe lobwereketsa magalimoto kwa olumala, ndipo bungwelo linawabweretsera galimoto yotuwa, yaitali denga. Kumbuyo kwake kunali chitsulo chotsika mpaka pansi choti chikuku chizikwererapo. A Sugden ankachitcha "kamlatho kanga". Mkati munali malamba anayi a ngowe, omangira chikukucho kuti chisasunthe pa ulendo. A khonsolo nawo anabwera kudzalemba mizere yoyera pakhomo pawo, malo oimikapo galimotoyo. Lamulo la bungwe linali losavuta: galimoto iyende pa zofuna za wolumalayo basi. Woyendetsa wolembedwa pa pepala anali Leanne.

Tsiku lopereka makiyi ndinalipo, tikumwa tiyi.

"Leanne," anatero bambo ake, "awa si makiyi, ndi miyendo yanga. Kuchipatala, kutchalitchi, kokagula nsomba ndi tchipisi Lachisanu. Zina zonse uziiwala, izi ayi."

"Adadi, kameneka ndi kachisanu mukunena," anaseka Leanne, n'kuwapsompsona pa dazi.

Chaka choyamba chinatha bwino. Kenako kunabwera Kieran, chibwenzi cha Leanne.

Kieran anali mnyamata wa tsitsi lonyezimira ndi lilime lotsekemera, amene ankati ntchito yake ndi yosamutsa katundu wa anthu, ngakhale galimoto yake inali itafa kalekale. Tsiku loyamba kufika pakhomopo sanayang'ane maluwa, sanayang'ane ngakhale makolo. Maso ake anali pa kamlatho. Ine ndinali kutsuka masitepe anga ndipo ndinamva zonse.

"Bebi, ukudziwa kuti ukuyenda ndi golide? Filiji ikhoza kukwera yokha apa, osapweteka msana."

"Ndi ya adadi iyi, Kieran. Saloleza."

"Mesa madala akugona masana ano? Galimoto ingokhala ngati chipilala? Filiji imodzi yokha, ya azakhali anga. Tiyi asanazizire tabwerako."

"Akadziwa a bungwe bwanji?"

"A bungwe! Iwe, anthu amenewo ali ku London uko, akudya mabisiketi. Akuone iweyo ndiwe ndani?"

Leanne anayang'ana zenera la bambo ake. Katani inali yotseka. Analowa m'galimoto.

Filiji ya azakhali inabala makina ochapira, makina ochapira anabala sofa. Pofika m'chilimwe, galimoto inkachoka bambo akangogona masana n'kubwera ikununkha fumbi la nyumba za eni. Leanne anayamba kuvala nsapato zatsopano ndi kufika mochedwa pa pemphero la pa chakudya. Mtima wanga unawawa, ndipo tsiku lina ndinamuimitsa pa geti.

"Mwanawe, wakutsina khutu ndi mnansi. Galimoto ija si yonyamulira mafiliji."

"Anti Mavis, zenera lanu lija mumalipukuta kangati pa tsiku?"

Mwana amene ndinamuphunzitsa Malamulo Khumi kundiyankha choncho! Ndinalowa m'nyumba, ndipo ndikuvomereza kulakwa kwanga: ndinakwiya mpaka ndinangoti zake zimenezo, osakauza makolo.

Koma makolo si ana. Mayi Glenda saona bwino, koma mphuno zawo n'zakuthwa. Lachisanu lina ndinakwera nawo kupita kumsika.

"Muno mukununkha petulo," anatero mayiwo.

"Ndi msewu, amayi," anatero Leanne ali pa chiwongolero.

A Sugden anali kuyang'ana pansi, pamene panali banga lakuda la oyilo pafupi ndi gudumu la chikuku chawo. Anagwira lamba wina wakumbuyo, amene ulusi wake unali utayamba kuyoyoka.

"Leanne, lamba uyu watani?"

"Wangokalamba, adadi."

"Wa chaka chimodzi ndi theka?" Anamuyang'ana mwana wawo pa kagalasi koonera kumbuyo. "Mwanawanga, ngati pali choti undiuze, undiuze lero. Bodza limakhala lopepuka ponyamula, kulemera kwake umakumva potula."

"Palibe, adadi," anatero Leanne, n'kukweza wailesi.

Mwezi womwewo kunabwera kalata yochokera ku bungwe lija. Chaka chimenecho nyuzi zinali zitalemba kwambiri za anthu ogwiritsa ntchito molakwa magalimoto a olumala, ndipo aphungu ku Nyumba ya Malamulo anaitanitsa akuluakulu a bungwe lija kuti afotokoze mmene akuyang'anirira katundu wogulidwa ndi thandizo la boma. Bungwe litapanidwa pamwamba, nalo linapana pansi. Kalatayo inati aziona maulendo a magalimoto pa kachipangizo kolondola kamene kali mkatimo, ndipo wopezeka akuchita nayo geni adzalandidwa. A Sugden anaiwerenga mokweza patebulo, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga Salimo. Mayi Glenda anandiuza kuti Leanne anasiya mbale yake osaimaliza.

Mawa lake ndinamumva akuyankhula ndi Kieran pa ngodya.

"Basi, ndasiya. Kwabwera kalata."

"Kalata! Bebi, ukuopa pepala? Magalimoto amenewa alipo zikwizikwi. Komaliza Loweruka, njinga yamoto imodzi, kenako ndikutengera kunyanja ku Scarborough, iwe ndi ine basi."

"Malamba aja akutha, Kieran."

"Malamba oti amagwira madala ako onenepa aja alephere njinga? Usandiseketse. Kapena sundikonda, ungonena."

Loweruka anakweza njinga yamoto yaikulu ngati ng'ombe. Kuti isagwe, anaikoka ndi malamba a chikuku aja mwamphamvu mpaka ngowe imodzi yakumbuyo inapindika. Kieran anaiwongola ndi hamala, n'kunena kuti yakhala ngati yatsopano.

Lamulungu tinapita kutchalitchi monga mwa masiku onse. A Sugden anaimba mpaka magalasi a mazenera kunjenjemera. Pobwerera ndinakhala mpando wa pakati pamodzi ndi mayi Glenda, bambo ali kumbuyo m'chikuku chawo, akung'ung'udzabe nyimbo yotsekera. Tikutsika phiri lija, basi imene inali patsogolo pathu inaima mwadzidzidzi. Leanne anaponda buleki. Sitinagunde kanthu ayi.

Koma kumbuyo kunamveka kuti thwa!

Ngowe yopindika ija inamasuka, lamba woyoyoka uja anaduka, kumbuyo kwa chikuku kunanyamuka n'kuwaponya a Sugden kutsogolo. Mutu wawo unamenya chitsulo cha mpando wanga. Nditacheuka ndinaona munthu wamkulu ngati ameneyo atapindika pansi ngati thumba, magazi akuyenderera pa kolala yoyera, miyendo yakufa ija itapotokera kwina.

"Arnold! Arnold!" Mayi Glenda ankapapasa mumlengalenga, osaona pamene amuna awo agwera. "Mavis, chachitika n'chiyani? Ndiuzeni!"

Leanne anali atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, akungoti, "Mayo, mayo, ndapha adadi."

Sanamwalire, Mulungu ngwachifundo. Koma phewa linathyoka pawiri, ndipo kwa munthu woyenda ndi manja, phewa ndiye zonse. Anagona m'chipatala milungu itatu. Galimoto inatengedwa kukaunikidwa, poti malamba amenewa saduka wamba.

Atangotuluka m'chipatala kunabwera mayi wina wochokera ku bungwe, dzina lake Farida Malik, wovala mpango wobiriwira, woyankhula motsitsa. Mayi Glenda anandiitana kuti ndikhale nawo pafupi. Mlendoyo anakana sikono, n'kuyala mapepala patebulo. Panali mapu a maulendo onse a galimoto, mizere yofiira yopita ku nyumba zimene a Sugden sanapondeko chibadwire. Panalinso chithunzi chimene Kieran anaika pa intaneti potsatsa ntchito yake: iye akumwetulira, chala m'mwamba, filiji ili pa kamlatho, nambala ya galimoto ikuoneka bwinobwino.

"Ha!" ndinatero mosadzigwira. Mayi Glenda anafunsa chimene chili pa chithunzicho, koma panalibe wolimba mtima kuwauza.

Leanne anaimbira Kieran foni pomwepo. Tonse tinamva yankho lake.

"Ineyo? Dzina langa lili pa pepala liti? Woyendetsa ndiwe, bebi. Usandiimbirenso."

Mayi Malik anatembenukira kwa a Sugden. "Bambo, ndiyenera kufunsa, ndipo yankho lanu ndililemba. Kodi munkadziwa kuti galimoto ikugwira ntchito zina?"

Mayi Glenda anagwira mkono wa amuna awo. Ine ndinkapemphera mumtima kuti angoti ayi. Inde, ine wa Sande sukulu, ndinkapempherera bodza. Koma a Sugden anali a Sugden.

"Ndinaona oyilo. Ndinaona lamba. Ndinafunsa kamodzi, n'kusiya. Sindinakuimbireni foni, sindinalande makiyi. Ndinkaopa kumva mwana wanga akundinamizanso pamaso. Lembani kuti ndinkadziwa."

Leanne anagwada pa kapeti. "Mayi, chonde, langani ine. Ndichotseni pa pepala, ndiperekeni kupolisi, chilichonse. Adadi sanalakwe."

"Chemwali," anatero mayi Malik, ndipo ndinaona kuti nawonso zawakhudza, "pangano si lanu, ndi la bambo anu. Galimoto ikalandidwa, amene ataye ndi iwowo. Ndikanakonda zikanakhala mwina. Koma pali anthu olumala ambiri amene akunyozedwa m'misewu, akutchedwa akuba, chifukwa cha zithunzi ngati ichi. Aphungu akatifunsa, tiyenera kukhala ndi choyankha. Ndikatseka maso pano, mawa adzatseka chitseko kwa onse."

Chigamulo chinabwera pa kalata: pangano latha, ndipo sadzaloledwa kupempha galimoto ina kwa zaka zingapo. Patapita milungu iwiri, popeza pakhomo panalibenso galimoto, munthu wa khonsolo anabwera ndi chitini cha penti yakuda kudzafufuta mizere yoyera ija. A Sugden anapempha kuti awakankhire pakhomo. Anaonerera mpaka mzere womaliza, Leanne ataima kumbuyo kwawo, ine ndili pa geti.

"Miyendo yanga ndaitaya kawiri," anatero, osakweza mawu, osacheuka. "Koyamba linali denga."

Leanne analira kulira kumene sindinakumvepo pa msewu uno, ngakhale pa maliro.

Lero miyezi isanu ndi itatu yapita. Kuchipatala amadikira galimoto ya odwala, imene imabwera nthawi yake yokha. Nsomba ndi tchipisi za Lachisanu zimafika zitazizira. Kieran ndimamva kuti wapeza mtsikana wina ku Halifax, amene mchimwene wake ali ndi lole. Leanne anagulitsa nsapato zija, anabwera kwanga kudzapepesa za zenera, ndipo nanenso ndinapepesa kuti ndinakhala chete. Lamulungu lililonse amadzuka m'mamawa n'kukankha chikuku cha bambo ake kukwera phiri lija, mtunda woposa kilomita, kaya kuli mvula kaya chisanu. Manja ake achita matuza. Anyamata a kutchalitchi akafuna kumulandira amakana. Nthawi zambiri amafika nyimbo yoyamba itatha, ndipo a Sugden amakhala atazizidwa kwambiri moti besi ija simatulukanso.

Bambo ake anamukhululukira, ndinamva ndi makutu anga. Koma chikhululuko sichinabweze galimoto, ndiponso sichinalumikize phewa mmene linalili.

Inu achinyamata, imvani mawu a nkhalamba ya pa zenera. Chimene mwasungitsidwa chifukwa cha wofooka si chanu, ndipo kuchigwiritsa ntchito mobisa ndi kuba, ngakhale mwini wake ndi bambo anu okubalani. Wokuuzani kuti "kamodzi kokha" ndiye woyamba kuthawa. Musadzinamize kuti boma lili kutali ndipo silikuona, pakuti ngakhale likanapanda kuona, Mulungu amaona. Ndipo choopsa koposa ndi ichi: tchimo lanu nthawi zina silikugwerani inu, limagwera amene anakukhulupirirani. Leanne akuyenda ndi miyendo yake iwiri mpaka lero. Amene atsekeredwa m'nyumba nambala 14 ndi bambo ake.