Tsiku Limene Rute Anayambitsanso Nyimbo

Ng'oma inalira kachiwiri, koma Rute sanatsegule pakamwa. Kwaya yonse ya patchalitchi cha kwawo ku Lobi inkamuyang'ana, pakuti ndiye ankayambitsa nyimbo ya zopereka. Pakhomo amayi anali atandanda kale, malichero a nyemba ali pamutu, kudikira mawu ake kuti alowe akuvina.

Vuto linali Kizito, chibwenzi chake, amene anakhala pafupi ndi zenera atapinda manja. Chikondi chawo chinayamba bwinobwino, kuperekezana pochokera kusukulu, koma posakhalitsa panabwera malamulo. "Ukamaimba umadzionetsera kwa anyamata," anamuuza tsiku lina. "Ukadzayambitsanso nyimbo, ine ndi iwe zatha."

Kuyambira pamenepo Rute, mtsikana amene ankalongolola ngati wailesi, anayamba kuyeza mawu aliwonse. M'kalasi anasiya kukweza mkono. Ngakhale kuseka kumene, ankayamba wacheuka kaye kuti aone ngati Kizito ali pafupi. Zinali zomvetsa chisoni, abale!

"Iwe, wameza lilime?" ananong'ona Sungeni, mnzake wa mukwaya, uku akumugunda ndi chigongono. "Otsogolera athu a Dziwani atopa nawe. Masabata onsewa ukungoti chifuwa, chifuwa. Anena kuti ukakhalanso chete lero, malo ako apatsa wina."

"Kizito andisiya," anayankha Rute. "Ndikuopa, Sungeni."

"Asiya ndani? Rute amene ndinkamudziwa ine anatisiya kalekale."

Mawuwo anamubaya mumtima. Anayang'ana kukhomo naona mayi ake pamzere, khosi litauma ndi lichero, akumumwetulira osadziwa kanthu. Rute anazindikira kuti watopa. Anatopa ndi mantha, anatopa ndi kupepesa pa zinthu zimene sanalakwe.

A Dziwani, otsogolera kwaya, anapukusa mutu nayamba kutembenukira kwa mtsikana wina. Rute anakoka mpweya. Mawu oyamba anatuluka onjenjemera, osasa ngati a munthu wongodzuka kumene, koma anawagwira osawataya. Kwaya inavomera, ng'oma inagunda, amayi analowa nthungululu ili pakamwa.

Kizito anaimirira, nadutsa pakati pa anthu n'kutuluka.

Rute anamuona. Zinamupweteka ndithu, pakuti ankamukonda, ndipo misozi inatsika mpaka pachibwano. Koma sanamutsatire. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, ndipo ndime yachiwiri anaikweza kuposa yoyamba.