Patapata ya Kumanzere

Kuno kwa azungu, basi ya ku Thamesmead ikachedwa, anthu amatukwana chamumtima. Atikonda, atatopa ndi shifiti ya kunyumba yosamalira okalamba, anatukwana mokweza, m'Chichewa.

"Mulomo wabwino so, osauwononga na basi," anatero mwamuna wina pambali pake, m'Chinyanja cha ku Lusaka.

Dzina lake linali Bonaventure. Ntchito yake, iye anati, inali yolondola zinyalala zimene nyanja imalavula pa zilumba zakutali za kotentha: mabotolo, maukonde oduka, nsapato. Ankapita kukaziona, n'kufufuza kumene zachokera.

Mmene basi inkafika, nambala ya Atikonda inali kale mufoni yake.

Ankasowa milungu yambiri, koma mauthenga ankabwera. "Dali wanga, kuno kuli ine na nkhanu chabe. Netiweki ipezeka pamwamba pa mwala. Nikwera chifukwa cha iwe."

Ndani akanakana mawu otere m'mzinda umene ngakhale woyandikana naye sakupatsa moni?

Tsiku lina anabwera ndi patapata imodzi yabuluu, ya kumanzere, yakutha kuchidendene.

"Ninaitola pa mchenga. Patapata ya kumanzere na ya kumanja, mafunde amazipeleka kosiyana. Inzake ikali pa nyanja. Siku nizaipeza, nizakukwatira, Ati wanga."

Atikonda anaitsuka, naiika pawindo pafupi ndi Baibulo. Anti Esnat, namwino wachikulire wa kutchalitchi kwawo, atabwera kudzacheza anaitembenuza uku ndi uku.

"Anzako amapatsidwa mphete, iwe nsapato ya kubafa?"

"Simungamvetse, anti. Iyi yaoloka nyanja."

Anafotokozeranso amayi onse a kwaya, mutu uli m'mwamba.

Loweruka lina anti Esnat anamupempha kuti awaperekeze ku Croydon kukaona khanda la Dainess, mnzawo wa kuchipatala wochokera ku Lusaka. M'mawa womwewo uthenga unali utafika: "Mafunde akula lelo, koma mutima uli pa iwe."

Dainess anawatsegulira chitseko mwana ali paphewa. Atikonda anawerama kuti avule nsapato, ndipo maso ake anagwera pa mapazi a mayiyo. Kumanzere kunali silipasi yaubweya. Kumanja, patapata yabuluu, yakutha kuchidendene.

"Musaniseke," Dainess anaseka yekha. "Inzake inasoba. Ba Bona bakamba ati ninaitaya neka na mimba."

Anti Esnat anayang'ana phazilo, kenako Atikonda.

"Bambo a mwana ali ku zilumba?" anafunsa Atikonda, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

"Zilumba? Uja na mu boti yoolokera mtsinje pa Woolwich amasanza. Zinyalala amazionera pa kompyuta, mu kicheni umu. Bamutumira mapikicha, eve angopenda mabotolo."

Loko wa chitseko analira. Bonaventure analowa atakumbatira phukusi la matewera, naima ngati wamira m'matope.

"Ba Bona, patsani moni alendo."

"Muli bwanji, amayi?" anatero, maso ali pakapeti.

"Ndili bwino, bambo," anayankha Atikonda. "Mafunde achepa?"

Dainess anaseka, poganiza kuti akunena mvula. Anamupatsa khandalo kuti alinyamule, ndipo Atikonda analinyamula, nalitamanda mphuno. Inali mphuno imene ankaidziwa bwino.

M'sitima yobwerera sanalire. Chimene chinkamuwotcha si Bonaventure ayi, koma nkhope za amayi a kwaya, ndi sopo amene anatsukira litsiro la phazi la mkazi mnzake. Mawa akaimba bwanji pakati pawo?

"Sindiuza munthu," anatero anti Esnat, atamugwira bondo.

Atafika kunyumba, Atikonda anachotsa patapata ija pawindo, naikulunga m'pepala.

"Mukawapatse mayi aja Lolemba, anti. Mukanene kuti yabwezedwa ndi nyanja. Munthu wongochira kumene asamaponde pozizira."